Kodi wodikira asilikali wasiya kudalira Mulungu?

Kukangomveka kuti ku Mozambique kwavutanso, kuti achinyamata atseka msewu ndi matayala oyaka kapena kuti kwinakwake kwalira mfuti, m'nyumba zambiri kuno kwathu mumabuka mkangano umodzimodzi. Pamakhala munthu amene ali ndi ulendo: dalaivala wokatenga mafuta ku Beira, mayi wageni wokaoda katundu ku Johannesburg, kapena mnyamata amene tchuthi chake chatha ndipo ntchito ikumudikira ku Joni. Mmodzi m'banjamo amati dikirani kaye timve bwino. Wina amayankha kuti imfa sithawika, tsiku lako likakwana likupeza ngakhale uli gone pamphasa m'nyumba mwako, tiyeni tingopemphera munthuyu azipita. Amene wanena mawu achiwiriwa ndiye amaoneka wachikhulupiriro. Woyamba uja amangoti zyoli, ngati kuti wanyoza Mulungu.

Ine ndinayendetsa malole kwa zaka zambiri pamsewu wochoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Changara, Catandica ndi Chimoio mpaka ku doko la Beira. Lero ndinapuma, ndine mkulu wa mpingo, ndipo anthu a kumlaga kwathu amabwera madzulo kuti ndiwapempherere ulendo. Ndimawapempherera ndi mtima wonse. Koma tisanagwade ndimayamba ndafunsa: mwamva zotani za njira? Pa Changara mudutsa nthawi yanji? Mapepala ali bwino? Mnyamata wina anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, ine ndabwerera pemphero, mafunsowa akandifunsa kuboda." Ndinamumvetsa, chifukwa ndi mmene ambiri tinaphunzitsidwira, kuti pemphero lili mbali ino, kusamala kuli mbali inayo, ndipo ukawonjezera kumodzi ndiye kuti wachepetsa kwinako. Chiphunzitso chimenechi ndimachikana. Sichichokera m'Malemba, ndipo chapweteketsa anthu amene ndinkawadziwa.

Tiyambe tavomereza kuti ambiri amene amayenda misewu imeneyi sayendera kukonda. Dziko lathu lilibe doko, ndipo chigawo chonse cha kummwera chinazunguliridwa ndi Mozambique. Feteleza, mafuta, mchere, zitsulo, zambiri zimatsikira ku Beira kapena ku Nacala, ndipo basi ya ku Johannesburg iyenera kuwoloka Zambezi pa Tete isanafike pa Nyamapanda ndi Beitbridge. Akuluakulu akukumbukira mmene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977, inatidulira miyendo ifenso. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaleka kuyenda m'zaka za m'ma 1980, katundu anayamba kuzungulira ku Durban, ndipo malole ankadutsa ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno. Nkhondoyo inatha pa 4 Okutobala 1992 pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome, ndipo amene anawakhazika pansi anali anthu opemphera, a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Sanangosala kudya n'kudikira. Anakhala patebulo zaka ziwiri, kukambirana za zipani, za chisankho, za mfuti ndi za mmene asilikali a mbali ziwirizo adzakhalire gulu limodzi.

Amene amati kusamala n'kuchepa chikhulupiriro ali ndi munthu wawo m'Baibulo, ndipo sindimubisa. Ndi Ezara. Anasonkhanitsa anthu pamtsinje wa Ahava kuti ayambe ulendo wa miyezi inayi wopita ku Yerusalemu, ali ndi ana aang'ono, atasenza siliva ndi golide wambiri wa ku Kachisi, njira yake yodzaza ndi achifwamba. Iye mwini akufotokoza m'chaputala 8 kuti anachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu ya Perisiya, popeza anali atauza kale mfumuyo kuti Mulungu wawo amasunga anthu omufunafuna. Anasala kudya, ananyamuka opanda wowaperekeza, ndipo anafika bwino. Nkhaniyi imakoma kuilalikira, ndipo ndaimva kambirimbiri. Koma tsegulani buku lotsatira. Patapita zaka 13, Nehemiya ananyamuka kupita ku Yerusalemu komweko, wotumidwa ndi mfumu yomweyo. Iye anapempha makalata okaonetsa kwa abwanamkubwa a tsidya la mtsinje kuti amulole kudutsa, anapempha kalata ina ya matabwa, ndipo mfumu itamupatsa akuluakulu a nkhondo ndi asilikali a pa akavalo, sanakane. Zonsezi anaziwerengera kuti ndi dzanja la Mulungu. Atayamba kumanga linga adani n'kumawopseza, anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Palibe pamene Malemba amanena kuti Ezara anali woyera kuposa Nehemiya.

Ndiponso Ezara weniweniyo timamuwerenga mothamanga. Anakhala masiku atatu pamtsinjepo akuona anthu amene anali nawo, mpaka anazindikira kuti panalibe Alevi, n'kutuma anthu okawaitana. Chuma chija anachiyeza pasikelo, n'kuchipereka m'manja mwa ansembe akuluakulu 12, ndipo atafika anachiyezanso. Munthu wosalabadira sachita zimenezo. Chinthu china chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu n'chakuti Ezara anayenda nawo ulendowo. Zoopsa zimene anasankha zinali zoti zimugwere iyenso. Sanatsale ku Babulo n'kutumiza anzake opanda asilikali.

Mu 2016 ndinalawa za Nehemiya. Chaka chimenecho mfuti zinayambanso kulira m'zigawo za Sofala, Manica ndi Tete, anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo pambuyo pake anawasamutsira ku Luwani ku Neno. Mwezi wa Juni malole a ku Malawi, ena onyamula mafuta, anatenthedwa m'dera la Barue. Boma la Mozambique linalamula kuti pakati pa Vanduzi ndi mtsinje wa Luenha, mtunda woposa makilomita 200, galimoto ziziyenda pamdipiti, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Tinkafika pamalo odikirira n'kuima pamzere wautali woti kumapeto kwake sunkakuona. Dzuwa la ku Tete silichita masewera. Unkati ukagwira chitseko cha lole chinkaotcha, ndipo mthunzi unali wa pansi pa lole pomwepo kapena wa mlambe ngati wafulumira. Ife onyamula feteleza tinkaphika nsima pambaula pambali pa tayala, a mafuta ankapita kukaphikira kutali. Asilikali akangoimika dzanja, aliyense ankathamangira kuchiwongolero, poto ali wotentha n'kumuponya kumbuyo kwa mpando. Ukayamba kuyenda panalibe zoima. Unkayang'ana nyali za mnzako wakutsogolo ndi tchire la mbali zonse ziwiri, ndipo pena unkadutsa mafupa a lole yopsa, yakuda bii, matayala atatsala mawaya okhaokha. Pamenepo m'kamwa munkauma. Sindinapempherepo mochokera pansi pa mtima ngati mmene ndinkapempherera pamdipiti umenewo, galimoto ya asilikali ili patsogolo panga. Asilikaliwo sanandichotsere Mulungu ngakhale pang'ono.

Sindikunena kuti mdipiti unali linga. Ena mwa anzathu ankaukana ndi chifukwa chomveka, ankati amene ali m'tchirewo akufuna asilikali, ndiye ukayenda pafupi ndi asilikali waziputa dala. Ndipo n'zoona kuti midipiti ina inawomberedwa. Enanso anasankha kuzungulira, kuchoka ku Beira kulowa Zimbabwe pa Machipanda, kudutsa Mutare, n'kudzatulukira pa Nyamapanda, njira yotalika ndi yodya ndalama zambiri pamaboda. Tinkakangana za zimenezi pansi pa malole mpaka mawu kusasa. Koma mkangano umenewo unali wa anthu amene akugwiritsa ntchito nzeru zimene Mulungu anawapatsa, kufunafuna njira yoti abwerere kwa ana awo. Munthu akhoza kuganiza bwino n'kulakwitsabe. Chimene sindinkachilola ndi kuuzidwa kuti kuganizako ndiko tchimo.

Mawu akuti tsiku lako likakwana lakwana, tamvetserani bwino amene amawanena. Kawirikawiri si amene wakhala pachiwongolero. Bwana wina amene ndinamugwirira ntchito anandiimbira foni nditaima kudikira, mdipiti wa tsikulo utandisiya. Ankafuna ndinyamuke ndekha madzulo omwewo chifukwa mwini katundu ankamuvutitsa. Nditakana anati, "Kodi inu si mkhristu? Nanga mukuopa chiyani? Mulungu ali nanu." Iye anali mu ofesi, fani ikuzungulira. Ndinadikira mpaka mawa lake, ndipo anandidula ndalama ya panjira. Zoterezi sizichitika kuntchito kokha. Zimachitika m'banja pamene fizi yavuta ndipo onse akuyang'ana mayi uja woyenda ku Joni. Zimachitika pamene transipota walandira kale ndalama za anthu ndipo sakufuna kubweza. Dzina la Mulungu limasanduka chikwapu chokusira munthu wosauka kunjira imene wokusayo sangayendemo. Lamulo lachitatu, loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe, ine ndimaliona likuswedwa pamenepa kuposa pakamwa pa munthu wotukwana.

Paulo ndiye amathetsa nkhaniyi kwa ine. M'buku la Machitidwe a Atumwi chaputala 23, ali m'ndende ku Yerusalemu, Ambuye anamuonekera usiku n'kumutsimikizira kuti adzafika ku Roma kukachitira umboni. Ndani wa ife analandirapo lonjezo lomveka chotero la ulendo wake? Kutacha, anthu oposa 40 analumbira kuti sadya kapena kumwa mpaka atamupha. Mwana wa mlongo wake anamva za chiwembucho n'kudzamuuza. Paulo sanamubweze mnyamatayo ndi mawu akuti usadandaule, Mulungu walankhula kale. Anaitana msilikali kuti apite naye kwa mkulu wa asilikali, ndipo usiku womwewo anatuluka mumzindamo kupita ku Kaisareya ataperekezedwa ndi asilikali oyenda pansi 200, a pa akavalo 70 ndi a mikondo 200. Lonjezo la Mulungu linakwaniritsidwa kudzera m'makutu a mnyamata watcheru ndi asilikali 470 achikunja. Yosefe naye anathawitsira Mwana ku Iguputo usiku, ndipo pobwerera, atamva kuti Arikelao akulamulira ku Yudeya, anaopa n'kupatukira ku Galileya. Ndipo amene anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, akumuwerengera salimo la chitetezo cha angelo, anali Satana.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona tibotolo ta mafuta ndi zomata pagalasi zimene anthu amagula kwa aneneri ena asananyamuke, atauzidwa kuti chipolopolo sichilowa ndipo wapolisi sakuona. Makolo athu ankamanga chithumwa m'chiuno poyenda ulendo wautali, ndipo mpingo unkawadzudzula. Lero chithumwa chomwecho tachilemba vesi. Vuto lake si ndalama yotayikayo yokha. Munthu amene wakhulupirira kuti sangavulale amayenda usiku, safunsa, amadutsa pamene anzake aima.

Mnzanga wina wa ku Mangochi, Msilamu amene tinkayendera limodzi, ndiye anandifotokozera nkhani ya kwawo imene sindinaiiwale. Khalifa Umar anali paulendo wopita ku Siriya, ndipo atafika pamalo otchedwa Sargh anamva kuti kumeneko kwabuka mliri. Atafunsa maganizo kwa anzake anaganiza zobwerera. Mkulu wa asilikali Abu Ubaidah anamufunsa ngati akuthawa chimene Mulungu analemba. Umar anamuyankha kuti kubwererako nakonso kuli m'chimene Mulungu analemba, monga mmene woweta ngamira amene wasankha msipu wobiriwira m'malo mwa wouma sanatuluke m'chifuniro cha Mulungu. Mnzangayo ankaswali pamkeka wake pambali pa lole nthawi ikakwana, ndipo anali woyamba kuyendera matayala ndi kufunsa oyenda kuchokera kutsogolo kuti njira ili bwanji. Zipembedzo zathu n'zosiyana, koma pa ichi tinkamvana: Mulungu amene analemba tsiku lako ndi yemweyo amene anakupatsa maso, makutu ndi anzako okuchenjeza, ndipo sunapatsidwe kuti uzidziwa tsikulo.

Kufunsa za njira kumachotsanso mantha opanda pake, ndipo ichi anthu amachiiwala. Dziko silivuta lonse tsiku limodzi. Zigawenga zimene zinayamba ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, n'kudzaukira Palma mu Malichi 2021, zili ku Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni m'mphepete mwa nyanja, kutali zedi ndi msewu wa ku Tete. Munthu wosafunsa akangomva kuti Mozambique amaleka ulendo wabwinobwino, kapena amanyoza zonse n'kukalowa pamoto penipeni. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitachitika, zionetsero zinabuka m'mizinda ndi m'misewu ikuluikulu, ndipo zinakula kwambiri pa 23 Disembala pamene khoti linatsimikiza kuti Daniel Chapo ndiye wapambana. Anthu mazanamazana anafa. Komabe masiku ambiri a zionetserozo Venâncio Mondlane, amene ankakana zotsatira za chisankhocho, ankawalengezeratu pa Facebook, ndipo madalaivala ankauzana m'magulu awo a WhatsApp kuti pakutipakuti lero sipadutsika. Amene ankamvetsera ankagona pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo ankawoloka kukazizira. Safunsa anadya phula.

Zina zonse n'zodziwika, ndipo ndimazinena kwa aliyense wobwera kwanga. Yendani masana, ndipo dzuwa likapendeka muime pamene pali anzanu. Musiyire a kunyumba pepala lojambula pasipoti yanu ndi dzina la basi kapena nambala ya lole, ndipo muwauze kumene mugone. Mukawoloka gulani simukhadi ya kumeneko, Vodacom kapena Movitel, ndipo mukhale ndi mametikashi ochepa osinthasintha, ndalama zina muzibise padera. Asilikali, milatho ndi zionetsero si zojambula pafoni. Ndale za eni ake si zanu, ngakhale akufunseni mochezera pogula nsomba. Ku Tete kuli ofesi ya kazembe wa dziko lathu, dziwani kumene ili musanaifune. Koma chimene ndimalimbikira kwambiri, makamaka kwa achinyamata opita ku Joni, ndi mapepala. Munthu wopanda pasipoti amadutsa m'tchire, amawoloka Limpopo usiku kumene achifwamba otchedwa magumaguma amadikirira, ndipo akamulanda kapena kumuchita chipongwe sangathamangire kupolisi chifukwa nayenso akuthawa apolisi omwewo. Mu 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo ku South Africa, ndi mu Epulo 2015 pamene boma lathu linatumiza mabasi okatenga anthu ku Durban, ambiri anabwera ndi zovala za m'thupi zokha. Amene amatumiza kangachepe kwawo mwezi ndi mwezi, osaunjika zonse m'kachipinda ka lendi, ndiwo amapeza poyambira.

Tsono pali mbali ina imene ife osamala tiyenera kuimva, chifukwa nafenso tili ndi tchimo lathu. Munthu akapwetekedwa panjira timafulumira kufunsa kuti ankayenderanji usiku, analekeranji kudikira. Opemphera nawo amafunsa kuti kodi anali bwino ndi Mulungu wake. Mafunso awiriwa amachokera pamtima umodzi, wofuna kudzitsimikizira kuti ife sizingatigwere. Lamulungu lina bambo wina anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni. Anati achifwamba anaimitsa galimoto imene inali patsogolo pawo, iwo anadutsa osakhudzidwa, chifukwa Mulungu sataya ake. Mpingo unawomba m'manja, nthungululu zili pakamwa. Kumbali ya amayi kunakhala mayi wa Mvano amene mwamuna wake anaphedwa ndi achifwamba paulendo wa geni zaka zingapo m'mbuyomo. Ndinamuona akuwerama, n'kumapinda ndi kupindula ngodya ya chitenje chake mpaka umboni unatha. Mwamuna wakeyo ndinkamudziwa. Anali wopemphera kuposa ambiri a ife, ndipo anali wosamala. Kodi amene anali m'galimoto ya patsogolo ija sanali a Mulungu?

Yesu anafunsidwa zofanana ndi zimenezi. Anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha akupereka nsembe, ndipo Iye anawonjezapo za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anakana poyera kuti iwowo anali ochimwa kuposa ena onse. M'chaputala 12 cha Machitidwe, Yakobo anaphedwa ndi lupanga ndipo Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo, mfumu yake imodzimodzi, mpingo wowapempherera umodzimodzi. Sindidziwa chifukwa chake, ndipo sindikhulupirira mlaliki amene amati akudziwa. Wopulumuka ayamike, n'koyenera. Koma ayamike ngati munthu amene walandira chimene sanachigwirire ntchito, akukumbukira kuti m'chipinda chomwecho muli amene sanalandire. Pemphero si malipiro amene timapereka kuti tigule ulendo wabwino, ndipo kusamala nakonso sikugula. Timasamala chifukwa moyo ndi wa Mwini wake, anatisungitsa, ndipo pali ana, makolo ndi okwera amene moyo wawo wamangirizidwa ku wathu. Dalaivala wa basi amene wanyamula anthu 60 alibe ufulu woyesa chikhulupiriro chake ndi miyoyo yawo.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi lina. Langizo loyamba limene dalaivala aliyense amapatsidwa pamsewu woopsa ndi lakuti usaime. Ukaona munthu wagona pamsewu, ukaona galimoto yatsegula boneti wina akukupiza dzanja, pitirira, ungakhale msampha. Ndipo misampha yotere ilipodi. Koma Yesu anasimba za msewu wochoka ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko, msewu wodziwika ndi achifwamba, ndipo amene anatsatira langizo limeneli anali wansembe ndi Mlevi. Amene anayamikiridwa ndi Msamariya, mlendo m'deralo, amene anaima pamalo pamene achifwamba anali atangochokapo. Nanga ine amene ndakhala ndikunena za kusamala ndiyankha chiyani?

Yankho langa ndi lakuti kusamala kumene ndikukuteteza n'kosunga moyo, osati moyo wanga wokha. Kukafika poti ndikusiya munthu akufa kuti ine ndisadetsedwe, kwasanduka chinthu china. Pamdipiti paja lamulo linali loti lole ikawonongeka enanu pitirirani, ndipo kuima kukanaika anthu ambirimbiri pangozi. Komabe madalaivala ankapeza njira. Wina ankachepetsa liwiro kuti mnzake adumphire m'galimoto mwake lole n'kuisiya, wina ankaimbira a kumbuyo kuti auze asilikali. Ngakhale masiku a mtendere, ukakayikira munthu wokupiza dzanja pamalo a zii, sungangopita n'kuiwala. Umakaima pamudzi kapena pa apolisi patsogolo n'kunena, kapena umadikira mnzako kuti mubwerere muli awiri. Ndi chifukwa china chimene ndimalimbikitsira anthu kunyamuka ndi anzawo. Kuyenda awiri si mantha. Munthu amene ali yekha, usiku, foni yopanda mayunitsi, sangathe kuchitira wina chifundo ngakhale atafuna. Amene wakonzekera bwino ndiye ali ndi mpata woima. Msamariya uja anali ndi mafuta, vinyo, bulu ndi ndalama za kunyumba ya alendo.

Ndipo nthawi zambiri Msamariya amakhala wa tsidya linalo. Tikamakamba za dziko loopsa timayamba kuona munthu aliyense wa kumeneko ngati mdani, chonsecho amene amavutika koyamba ndi zipolowezo ndi eni dziko. Ku Angonia ndi ku Zobue amalankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo Chinyungwe cha ku Tete ndi Chisena cha ku Mutarara si zachilendo m'khutu la munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Amene ankatiuza zoona za njira sanali a pawailesi. Anali amayi ogulitsa nkhuku yootcha, anyamata opopa matayala, alonda a pamalo ogona malole. Lole yanga itaduka lamba wa fani dzuwa litapendeka chakufupi ndi Guro, bambo wina wachikulire amene sindinkamudziwa anatuma mwana wake panjinga kukaitana makaniko, iye n'kukhala nane pamwala mpaka ntchito inatha, kuti anthu aone kuti mlendoyu ali ndi mwini. Ndinamupatsa ndalama, anatenga theka. Munthu amene amalonjera, amene waphunzira mawu angapo a Chipwitikizi, amene sanyoza ndalama zawo kapena chakudya chawo, amakhala ndi alonda ambiri kuposa amene wadzitsekera m'galimoto magalasi ali pamwamba.

Kumapeto kwa Disembala 2024 anthu zikwizikwi a ku Mozambique anawoloka Shire ndi Ruo kulowa ku Nsanje, ana kumsana, mitolo pamutu. Mipingo yathu inasonkha ufa ndi zovala. Palibe mbusa amene anaima pagombe kuwauza kuti akanakhala ndi chikhulupiriro akanatsala kwawo n'kumapemphera. Tonse tinaona kuti anachita bwino kuthawitsa ana awo. Chifundo chomwecho tichitire munthu wa kwathu amene waima paboda n'kunena kuti lero sindiwoloka.

Pempho langa likupita kwa eni malole ndi eni mabasi, amene ambiri a inu mumakhala mipando ya kutsogolo m'matchalitchi ndi m'mizikiti yathu, ndipo mumapereka mowolowa manja pa ntchito ya Mulungu. Dalaivala wanu akaima pa Mwanza, pa Changara kapena pa Inchope chifukwa wamva kuti kutsogolo sikuli bwino, musamuwerengere vesi pafoni. Mulipireni masiku amene wadikirawo, mumutumizire ya chakudya, ndipo ntchito yake aipeze akabwera. Ndipo ife a m'mipingo, mayi wageni akaleka ulendo mwezi uno n'kusowa ya lendi, timuyendere ndi thumba la chimanga monga mmene tikanayendera pamaliro ake.